Tsiku Limene Mariam Anathira Mchere

Mayi Effie Kamtedza anafika ku London mu Seputembala atanyamula zitenje zisanu ndi chimodzi zoberekera mwana, ndipo pofika mu Novembala zitenjezo zinali chipindire mu sutikesi. Anachoka ku Mponela anzawo a Mvano akuwaseka kuti akukakhala nesi wa manesi, poti mwana wawo Evance ndi mkazi wake Mariam onse anali anamwino pachipatala china kumeneko. Iwo ankayankha kuti nesi amadziwa jakisoni, koma kusambitsa khanda ndi ntchito ya agogo. Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masabata atatu kuti Mariam achire, m'mawa wina anagwa m'bafa magazi ali chuchuchu. Ambulansi inabwera, ndipo madzulo ake Evance anabwerera yekha kudzanena kuti mwana, wamkazi, wabadwa atafa kale, ndipo mayi wake amuchita opaleshoni, wapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Tisafulumire kuwaimba mlandu a Effie pa zimene anachita pambuyo pake. Kwawo mwana wobadwa wakufa amamutcha mtayo, ndipo mtayo salira. Amakamuika amayi okhaokha, m'dzenje losaya, popanda bokosi, popanda nyimbo, n'kubwerako ngati akuchokera kotola nkhuni. Si nkhanza ayi. Akuluakulu amati ukalira mtayo watseka mimba ya mayi wake, sadzaonanso mwana. Amatinso mayi wotere sathira mchere m'chakudya mpaka atasamba mankhwala, chifukwa odya, makamaka mwamuna wake, amadwala tsempho: kutupa miyendo, kutsokomola, kuwonda. A Effie anavala yunifolomu ya Mvano zaka makumi atatu, ndipo Baibulo lawo linali lotha ndi kuwerenga. Koma izi zinali m'mafupa, ndipo zam'mafupa sizituluka ndi ulaliki wa Lachinayi.

Ndiye anameza misozi. Evance akulira ngati mwana pakhomo la khitchini, iwo anangoti, "Chete, bambo, zimenezi salira," n'kumupatsa madzi akumwa. M'masiku khumi ndi limodzi amene Mariam anagona m'chipatala, anamasula kabedi ka mwana ndi nsonga ya mpeni, analongedza timalaya, timasokosi ndi matewera m'majumbo akuda, n'kukaziunjika m'kachipinda kosungira katundu. Anakolopa chipinda cha mwanacho kawiri. Ankati mpongozi wawo akabwera asapeze chomubaya mtima.

Kenako anamva kuti kukhala maliro enieni: kabokosi koyera, wansembe wa tchalitchi cha Mariam, amuna, nyimbo, manda okumba ndi makina ku Plumstead. A Effie anachita kugwira m'mutu. Anayamba kumufotokozera Evance, iye anangowadula, "Amayi, kuno sizitero." Kwa eni kulibe mkuwe. Kuletsa sakanatha, koma anati m'banja muno mukhale munthu mmodzi wosalira, mwina Mulungu n'kuwerengera ameneyo. Tsiku la maliro anatsala kunyumba, n'kuphika mpunga wa anthu obwera kuchokera kumanda.

Chowawitsa mtima n'chakuti anthu awiriwa ankakondana. Mariam anali wa ku Kerala, kumwera kwa India, mkhristu, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Evance atanena kuti akukwatira mmwenye, a Effie anatha masiku awiri osadya bwino. Koma mtsikanayo atabwera ku Mponela anagwada popereka moni, anadya chigwada osakwinya nkhope, ndipo anatola Chichewa chothyokathyoka chokwanira kunenerera mtengo wa tomato. Ku Woolwich, dera la London kumene ankakhala, ndiye amene anawaphunzitsa kugunditsa khadi pokwera basi, ndiye amene ankawagwira mkono pa masitepe oyenda okha aja opita kusitima ya pansi, ndiye amene anawapezera therere pamsika.

Loweruka lililonse m'mawa ankawaphikira dosa ya dzira. Dosa ndi chitumbuwa cha kwawo, koma musaganize za zitumbuwa zathu zonenepa zija. Iyi ndi yopyapyala, yaikulu ngati mbale, yopanda shuga, yowawasa pang'ono ngati thobwa logonetsa, pamwamba pake dzira, anyezi ndi tsabola. Ulendo woyamba a Effie anaidya mwaulemu chabe, n'kumadikira kuti chakudya chenicheni chibwera. Sabata yachitatu anadya zitatu, kachinayi n'kumakasuzumira. Chimene sanakondwe nacho n'kuona mayi woyembekezera akuswa mazira awiriawiri.

"Apongozi, kwathu wapakati sadya mazira. Mwana amabadwa wopanda tsitsi."

Mariam anaseka mpaka kugwirira mimba. Anakoka tsitsi lake lofika m'chiuno n'kuliika patsogolo. "Amayi anga ku India, mazira tsiku ndi tsiku. Onani!"

A Effie nawonso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma Mariam amene anabwera kuchokera kuchipatala anali wina. Analowa akuyenda chowerama, Evance atamugwira. Sanapite kuchipinda chake, anapita kaye kuchipinda cha mwana. Anatsegula, anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana makoma ndi pansi powala, anatseka. Kuyambira tsiku limenelo "Mwadzuka bwanji, amayi" uja anatha. A Effie ankaphika phala, supu, nkhuku yowiritsa, n'kukasiya pakhomo, mbale n'kumabwerako zitangolawidwa. Akakumana m'kanjira kopita kubafa, Mariam ankayang'ana khoma. A Effie ankadziuza kuti ndi chisoni, chidzatha. Koma mtima wawo unkadziwa kuti chisoni sichisankha munthu womuthawa.

Lachinayi la sabata yachisanu chichitikireni ngoziyo, Evance asananyamuke kupita ku shifiti, anaima m'khitchini akumwa tiyi choimirira, maso ali m'kapu.

"Amayi, ndasintha tiketi. Mukwera Sunday."

"Lamulungu lomwe lino? Paja ndinayenera kukhala mpaka Febuluwale."

"Mariam akufunika space pang'ono. Komanso kuzizira kukubweraku simungakuthe."

"Wanena ndi iye kuti ndizipita?"

Evance anatsuka kapu, anaipukuta, anaiika m'kabati, zinthu zimene sankachita masiku onse. "Basi yanga ili pafupi," anatero, n'kutuluka.

Mlendo ndi mame, a Effie ankadziwa. Kupita sikunawawawe. Chinawawawa n'kupita chonchi, kusiya mpongozi amene sakuwayang'ana kumaso, osadziwa ngati adzaitanidwanso m'nyumba muno. Anakhala pampando wa m'khitchini kuyang'ana mabasi ofiira akudutsa pansipo, n'kumawerenga masiku ndi zala. Anatsala atatu.

Lachisanu cha m'ma teni, chitseko cha Mariam chinatseguka. Analowa m'khitchini atavala gauni ndi juzi ya Evance, tsitsi losapesa. Anatsitsa beseni, anayeza makapu atatu a mpunga, anautsuka mpaka madzi atayera. M'mbale ina anaviika kapu imodzi ya tinyemba toyera tosenda timene iye ankatitcha uzhunnu, pamodzi ndi tinjere tachikasu towawa todzaza kasupuni. Anavundikira zonse n'kubwerera kukagona.

A Effie mtima unalumpha. Munthu woviika mpunga ndi munthu woti akuganiza za mawa. Koma chimwemwecho chisanakhazikike, mantha anafika: akaphika, athira mchere.

Madzulo cha m'ma folo, kunja kutada kale monga kumachitira mu Novembala, Mariam anabweranso. Analumikiza kachigayo kake kamagetsi, kamene mayi ake anamunyamulira kuchokera ku India, kaphokoso ngati chigayo cha pa Mponela. Anapera tinyemba tija mpaka titachita thovu, anapera mpunga, anasakaniza mu poto wamkulu. Sanagwiritse mthiko. Anapinda mkono wa juzi n'kuvundula ndi dzanja, chifukwa kwawo amati phala la dosa limafufuma ndi kutentha kwa dzanja la mwini wake. A Effie anali pa sinki, akutsuka mbale zotsukatsuka kale, diso limodzi lili pa botolo la mchere. Mariam sanalikhudze. Apo ndi pamene a Effie anakumbukira zimene Mariam anawauza kale, kuti kuno kozizira mchere umachedwetsa kusasa, ndiye amathira m'mawa. Mariam anakulunga poto ndi thaulo, anakamuika pafupi ndi boyila yotenthetsera madzi, n'kupita.

A Effie anapuma. Nzeru anali ataipeza.

Loweruka anadzuka sikisi isanakwane. Ananyang'ama ngati mbala m'nyumba ya mwana wawo yemwe, anavundukula poto. Phala linali litakwera mpaka pakamwa, lili ndi timabowo, likununkhira kowawasa. Anathira mchere ndi dzanja lawo, anavundula pang'onopang'ono, analawa, anawonjezera pang'ono, anavundikira. Anabwerera kukakhala pabedi ali ndi mtendere wa munthu amene wapulumutsa banja lonse anthu ali m'tulo.

Mariam anadzuka cha m'ma eyiti. Anali atasamba, tsitsi atalimanga. A Effie anamutsatira m'khitchini n'kuyamba kusenda anyezi asanauzidwe. Mariam anatenga botolo la mchere, koma monga mwa chizolowezi cha ophika, anayamba waviika chala m'phala n'kulawa. Anaima. Anayang'ana apongozi ake kwa kanthawi, koyamba m'masabata onsewo, kenako anabweza botolo lija pambali pa sitovu.

Anaika chiwaya chake chakuda chachitsulo pamoto. Anabaya theka la anyezi ndi foloko, analiviika m'mafuta n'kupukutira chiwayacho. Anawaza timadontho ta madzi, tinalira kuti tswee n'kuuma. Anatunga phala ndi chipande, anathira pakati, n'kuyendetsa msana wa chipandecho mozungulira kuchokera pakati kupita kunja, mpaka phala litayalika lopyapyala. Yoyamba inamatirira n'kung'ambika. Imatero nthawi zonse, ndipo kale Mariam ankati yoyamba ndi ya chiwaya. Lero anangoipala n'kuitaya.

Yachiwiri inayalika bwino. Timabowo tinayamba kutseguka pamwamba, fungo lija la ma Loweruka akale linadzaza m'khitchini, ndipo a Effie anamva Evance akudzuka pa sofa m'chipinda chochezera. Mariam anaswa dzira m'mphepete mwa chiwaya, analitsanulira pakati, anaboola chikasu chake ndi supuni n'kuliyala mpaka m'mbali. Anawaza anyezi, tsabola wobiriwira woduladula, timasamba tiwiri tonunkhira, tsabola wakuda wosinja. Anadonthezera mafuta mozungulira. Kenako anatambasula dzanja, n'kutsina mchere ndi zala zitatu.

Za dzira a Effie anali ataiwala. Anasiya mpeni, ndipo asanaganize n'komwe anali atamugwira Mariam pamkono.

"Ndithire ine, apongozi."

Mariam anayang'ana dzanja lomugwiralo. "Chifukwa?"

"Inu simuyenera. Nthawi ino ayi."

Mariam anatsegula zala, mchere unagwera pansi. Sanakalipe. Anaitana mwamuna wake ndi mawu otsika, ndipo Evance atafika pakhomo, Mariam anayamba kulankhula Chingerezi, mofulumira, chothamanga kuposa Chingerezi cha Sitandade 8 cha a Effie. Atamaliza analoza apongozi ake ndi chibwano, kuti amasulire.

Evance anakanda m'mutu. "Amayi, tiyeni tingozisiya, she is not well."

"Masulira, iwe. Ndakuphunzitsa sukulu kuti uzindibisira mawu?"

Evance anayang'ana pansi. "Akufunsa ngati iye ndi wodetsedwa. Akuti walawa, wadziwa kuti mchere wa m'phala mwathira ndinu mobisa. Akuti ngati mukuganiza kuti anapha mwana ndi mazira aja, munene poyera."

"Mayo! Ine?"

Mariam anapitiriza, Evance n'kumatsatira m'mbuyo ngati womasulira wa m'tchalitchi amene sakugwirizana ndi ulaliki.

"Akuti anabwera kuchokera kuchipatala manja ali lende, akuti angogwirako kamalaya kamodzi, anapeza mwasesa chipinda ngati munali matenda. Akuti kumanda simunapite. Dzina la mwana simunafunse. Akuti anthu a ku ntchito, azungu, a ku Nigeria, a ku Philippines, analira naye. Inu, amene amakutchani amayi, ngakhale msozi umodzi."

A Effie anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. Masabata asanu akumeza moto chifukwa cha mwana ameneyu, iye n'kumaona ngati ndi mwala! Zinawapweteka, zinawakwiyitsanso, ndipo mkwiyowo ndi umene unawatsegula pakamwa pa nkhani imene sanaikambepo ndi munthu.

"Muuze izi, ndipo usadumphe liwu. Mu 1984, iwe usanabadwe, ine ndinabereka mwana wamwamuna wakufa. Ndinangomuona kaphazi. Nditayamba kulira, apongozi anga, agogo ako, ananditsina pantchafu mpaka kutuluka magazi. Anati ukalira watseka mimba. Ndinaluma chitenje usiku ndi usana. Chaka chotsatira ndinabereka iwe. Iweyo, amene waima apo ngati mtengo, ndiwe malipiro a kukhala chete kwanga."

Evance anakweza maso. Sankadziwa kuti anali ndi mkulu wake. Anamasulira, mawu akumuthawa.

"Muuze kuti ndinasesa chipinda kuti asapweteke. Kumanda sindinapite kuti pakhale mmodzi wosalira. Mchere ndikumuletsa kuti iwe usadwale, anthu asadzamunene kuti anadula mwamuna wake. Ukuganiza kuti ine sindikufuna kulira? Mdzukulu wanga woyamba? Pakhosi pano pali chotupa, ndikulephera kumeza ngakhale tiyi. Koma ndikufuna mwana uyu abereke. Ndikufuna chaka chamawa, kapena chinacho, adzanyamule wake wamoyo. Ndikalira ine, n'kumutsekera, ndidzamuyang'ana ndi maso ati?"

Evance anamasulira za chipinda, za kumanda, za mchere. Atafika pa zomalizazo anaima.

Koma Mariam liwu lakuti abereke ankalidziwa. Analimva kambirimbiri ku Mponela, kwa azakhali ndi amayi a kutchalitchi, chaka chilichonse chimene anapita osanyamula mwana. Anatembenukira kwa mwamuna wake pang'onopang'ono, n'kumufunsa funso lalifupi m'Chingerezi. Limeneli a Effie analimva bwinobwino: "Sunawauze?"

Evance anapukusa mutu.

Mariam anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anayandikira mpando wa a Effie, anatenga dzanja lawo, lomwe lija linamugwira pamkono, analilowetsa pansi pa juzi n'kuliika pamimba pake. Zala za a Effie zinamva chipsera chachitali cholimba.

"Mulibe, amayi," anatero Mariam m'Chichewa chake chija. "Magazi sanasiye. Anachotsa. Chonse anachotsa. Mwana wina palibe."

A Effie sanamvetse msanga, kapena tinene kuti anamvetsa koma mutu unakana. Anayang'ana Evance.

"Chiberekero, amayi," anatero iye motsitsa. "Ma doctor analibe njira ina. Akanapanda kutero bwenzi titaika awiri."

"Tsiku lomwe lija?"

"Tsiku lomwe lija."

Ndiye kuti pamene ankamasula kabedi ndi mpeni, pamene ankaphika mpunga anzawo ali kumanda, pamene ankanyang'ama m'mawa uno ndi mchere m'manja, ankalondera khola loti mbuzi zinatuluka kalekale. Anataya maliro a mdzukulu wawo, anataya mtima wa mpongozi wawo, kuteteza chinthu chimene panalibe. Manyazi ndi chisoni zinawagwira nthawi imodzi, ndipo sanadziwe choyamba kunyamula.

"Masabata asanu, Evance. Tikudya mbale imodzi."

"Ndikanayamba bwanji, amayi? Mwana wamwamuna amakamba za m'mimba mwa mkazi wake ndi mayi ake? Ndinayesa kawiri, mawu anakana." Anapukuta kumaso ndi chikhato. "Komanso ndimaopa."

"Umaopa chiyani?"

"Kuti mukafika kumudzi muyamba kundifunira wina."

A Effie anafuna kumukalipira, koma sanathe, chifukwa mwa achemwali awo analipo awiri amene akanayambadi kutchula mayina a atsikana ndege isanatere. Anangoti, "Amene adzabwere ndi nkhani imeneyo pakhomo panga adzatuluka ndi chikuni. Umuuze zimenezo."

Evance anamuuza. Dzanja la a Effie Mariam sanalichotse msanga.

Utsi ndi umene unawakumbutsa za chiwaya. Dosa ija inali itapsa, dzira litauma n'kuda. Evance anathamangira kutsegula windo kuti belu la utsi lisalire, mphepo yozizira ya kumtsinje inalowa. Mariam anapala zopsererazo, anachepetsa moto, anapukutanso chiwaya ndi anyezi uja. Anathira phala, analiyala, anaswa dzira lina. Anawaza anyezi ndi tsabola. Atafika pa mchere anaima, osatembenuka, zala zili m'botolo.

A Effie anapinda manja pamiyendo n'kuwakanikiza. Musaganize kuti mantha anali atatha. Zaka makumi asanu ndi limodzi za kukhulupirira chinthu sizisungunuka m'mphindi khumi, ndipo m'mutu mwawo ankaona miyendo yotupa ya malume awo amene anthu ankati anafa ndi tsempho. Koma anati ngati kuli kudwala, ayambe iwo.

"Thirani, apongozi. Yoyamba mundipatse ine."

Mariam anawaza mchere. Anadikira kuti m'mbali muyambe kudzuka, analowetsa supuni yafulati pansi, anaitembenuza kamphindi kuti dzira lipse, anaipinda pakati n'kuiika m'mbale. Pambali anaika supuni ya kokonati wopera ndi tsabola. Anaika mbaleyo patsogolo pa apongozi ake ndi manja awiri, monga anaphunzirira ku Mponela.

A Effie anasamba m'manja, anapemphera mwachidule, ananyema. Kunja inali yokhukhuta, mkati yofewa, dzira lotentha, mchere wokwanira bwino. Inali yokoma, ndipo kukomako kunawapweteka. Anatafuna nthawi yaitali, anameza movutika, ananyemanso. Mariam anaima chotsamira sitovu akuwayang'ana. Evance anali pawindo, atawafulatira.

Atafika pakati pa mbale, a Effie anati, "Mawa ndege ndi ya madzulo?"

"Ya eyiti," anayankha Evance.

"Ndiye m'mawa mundiperekeze kumanda. Ndikamuone." Anapukuta zala pa chitenje. Funso linalo linawalemera, chifukwa kwawo mtayo sapatsidwa dzina, ndipo pa moyo wawo wonse anali asanafunsepo zotere. Sanadzere kwa Evance. Anayang'ana Mariam. "Ndikafika, ndikamuitane kuti ndani?"

Mariam anazimitsa sitovu. Anayamba m'Chichewa, chinamuthera, anamalizira m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti amve okha.

"Kwathu mwana wamkazi woyamba sitimufunira dzina. Amatenga la agogo ake, amayi a bambo ake. Tinagwirizana kalekale, tinkafuna tidzakuuzeni akabadwa. Lalembedwa pa kamtanda kake."

"Landani?"

"Lanu, amayi. Ndi Effie."

Chibwano cha a Effie chinayamba kunjenjemera. Anachigwira ndi dzanja. Mwa chizolowezi anakokera mpweya m'kati, analuma mlomo, anayang'ana kudenga, monga anachitira masabata asanu, monga anachitira mu 1984. Kenako anayang'ana mpongozi wawo ngati mwana wopempha chilolezo.

Mariam anagwira m'mphepete mwa tebulo, anatsika pang'onopang'ono chifukwa cha bala, mpaka anakhala pansi pa matailosi ozizira. Misozi inali ikuyenderera kale.

"Lirani, amayi," anatero. "Palibe chotseka."

A Effie anatsika pampando, anakhala pansi pambali pake, anatambasula miyendo monga amakhalira amayi pa siwa, anaika manja kumutu. Ndipo m'nyumba ya pamwamba ku Woolwich, windo lili chitsegulire, anayamba kuitana dzina lawo lomwe.